ZA MABWANA ODULA MALIPIRO

Mwezi uno ndifuna kulankhula nanu za chinthu chimene chiri kuchitika pakati pathu kawirikawiri, koma ife tachizolowera monga utsi wa m'nyumba yophikira, umene utitulutsa misozi tsiku ndi tsiku, koma palibe amene auimba mlandu. Chinthucho ndi ichi: munthu alembedwa nchito, apangana ndi bwana wake za malipiro, agwira mwezi wathunthu, ndipo pa tsiku lolandira apeza kuti ndalama zaperewera. Akafunsa, bwana ayankha ndi mau awiri okha, kuti, "Zinthu zavuta." Ine ndinena poyera kuti kuchita kotero ndiko kulanda, ndipo malamulo a dziko lino salola zimenezi. Ndinenanso kuti ife amene tilangiza olandidwawo kuti akhale chete tiri kuthandiza wolanda.

Ndiyambe ndi chimene ndinachiona ndi maso anga. Mwana wa mlongo wanga anali mlonda pa sitolo ina pa Boma la Ntcheu. Polowa nchito mu January 2024 anapangana ndi mwini sitolo kuti adzilandira K100,000 pa mwezi, ndipo miyezi isanu analandiradi zomwezo. Koma pa kutha kwa June, mwezi umene chisanu cha kuno kumapiri chilowa m'mafupa, ndipo mlonda achezera usiku wonse ali kuotha moto wa makatoni, anampatsa K80,000. Mnyamatayo anawerenga kawiri, nati, "Bwana, ndalamazi zaperewera." Bwana anati, "Malonda sali kuyenda. Kuyambira lero udzilandira zomwezo. Ngati sufuna, njira ndi iyo. Anyamata ofuna nchito ali mbwee pa depoti."

Pofika kumudzi anatifotokozera, ndipo ife akulu tinakhala pansi kumlangiza. Wina anati, "Pang'onopang'ono ndi mtolo." Wina anati, "Wosauka sakangana ndi mwini chuma." Inenso malume wake, amene ndiyenera kumuimira pa milandu, ndinati, "Mwanawe, pirira. Nchito siziri kupezeka masiku ano." Anapirira. Mu September bwana uja anadulanso, nampatsa K70,000. Ndipo pa kutha kwa October mnyamatayo anatola chikhoti chake ndi chibonga chake, nabwera kumudzi osatsazika. Werengani nokha: miyezi itatu yoperewera K20,000, ndi miyezi iwiri yoperewera K30,000, zonse pamodzi K120,000, ndizo zoposa malipiro a mwezi wathunthu. Ndalama zimenezo zinatsala m'thumba la mwini sitolo, ndipo amene anamthandiza kuzisunga ndife, ndi malangizo athu aja.

Tsono tiyeni tifunse, malipiro nchiyani? Si mphatso imene bwana apatsa monga mwa kukoma mtima kwake. Malipiro ndiwo mtengo wa thukuta, ndipo mtengowo upangidwa ndi anthu awiri. Inu amene mulima mbatata ya kachewere ku Tsangano, kapena kabichi ndi matimati ku Lizulu, mudziwa bwino chimene ndiri kunena. Wogula akabwera ndi lole yake, mupangana mtengo wa thumba asanakweze kanthu. Nanga atakweza matumba onse, naliza injini, nati, "Ndasintha maganizo, ndikupatsani zocheperapo pakuti ku Blantyre malonda avuta," kodi mungaombe m'manja ndi kuthokoza? Iai, msika wonse ungaimirire, ndipo matumbawo angatsitsidwe pomwepo. Koma taonani kuwawa kwake kwa mlandu wa wanchito: mbatata itsitsika pa lole, koma masiku makumi atatu amene mlonda wachezera usiku sabwezeka. Iye wapereka kale katundu wake yense, ndipo wogula ndiye wagwira ndalama.

Pali kudula kwa mitundu iwiri. Kwina ndiko kudula malipiro a nchito imene yagwiridwa kale. Kumeneko kulibe dzina lina koma kukana ngongole, pakuti tsiku liri lonse limene munthu wagwira, bwana wakongola kwa iye. Kwina ndiko kunena kuti kuyambira mwezi wa mawa malipiro adzatsika. Pamenepo bwana akhoza kupempha, koma sakhoza kulamula. Pangano limene anthu awiri anamanga limasulidwa ndi anthu awiri omwewo. Monga wanchito sangathe kudzuka m'mawa ndi kunena, "Kuyambira lero ndidzigwira theka la tsiku, koma malipiro akhale omwewo," momwemonso bwana sangathe kunena, "Nchito ikhale yomweyo, koma malipiro atsike."

Ndidziwa zimene eni nchito adzayankha, ndipo sindizibisa. Adzati, "Malonda avutadi, sitiri kunama." Inde, ndivomera. Mu May 2022 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi magawo 44 pa 100. Katundu wa m'sitolo anakwera, mafuta a galimoto anakwera. Koma kodi kwacha inagwa m'thumba la bwana lokha? Sopo, mchere, feteleza ndi chimanga zinamkwereranso wanchito. Kugwa kwa ndalama kunamdula kale malipiro osamfunsa. Tsono bwana akadulanso, ndiye kuti munthu mmodzi wametedwa kawiri. Ndiponso tifunse: m'miyezi ya kukolola, pamene anthu agulitsa mbeu zao, ndipo sitolo idzala ndi ogula kuyambira m'mawa kufikira madzulo, kodi bwana aitana mlonda nati, "Malonda ayenda bwino, landira zoonjezera"? Ngati phindu adya yekha, asafune kugawana ndi mnzake kuluza kokha.

Ena adzati, "Sitolo ndi yanga, ndalama ndi zanga, ndipo ndinamchitira chifundo pomlemba nchito, anali kungokhala." Sitolo ndi yanudi, bambo, koma ndalama za mwezi umene munthu wagwira kale si zanu, mwangozisunga. Ndipo za chifundozo, munamlemba chifukwa munaopa akuba, kapena chifukwa manja anu awiri sanakwanire. Inu munasowa iye monga iye anasowa inu. Pamene anthu awiri asowana, palibe wopempha ndi wopatsa. Pali pangano basi.

Sindinena kuti malipiro sangatsike konse. Iripo nthawi ya tsoka imene bwana woona mtima alibedi ndalama. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utawopseza dziko, sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 March, ndipo eni sukulu zimene si za boma anasowa fizi yolipirira aphunzitsi. Aphunzitsi ambiri anakhala miyezi osalandira malipiro ao athunthu. Tsoka lotere palibe analiitana. Koma ngakhale pa tsoka njira yake iripo: kuitana anchito, kuwaonetsa poyera m'mene chuma chiriri, kupempha, kumva mau ao, ndi kulemba chimene mwagwirizana. Mu April chaka chomwecho Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti iye ndi nduna zake adzadula malipiro ao ndi magawo 10 pa 100 kwa miyezi itatu. Za ndale ndizisiya pambali. Koma onani zinthu zitatu m'kulengezako: wodula anayamba ndi thumba lake lomwe, anatchula muyeso, anatchulanso nthawi yothera. Mwini sitolo uja sanachite ngakhale chimodzi cha izi.

Achinyamata ena ayesa kuti zimenezi nzatsopano. Iai, ndi nthenda yakale. M'zaka za m'ma 1890 makolo athu a m'dziko la Gomani anayamba kuyenda pansi kumka ku Blantyre ndi ku mapiri ozungulira, kukagwira nchito m'minda ya khofi ya Azungu. Malipiro a mwezi anali ngati masheleni atatu, ndipo kawirikawiri sanali ndalama koma nsalu. Msonkho wa nyumba nawonso unali masheleni atatu. Pakuti wanchito sanadziwe kulemba, mwini munda yekha ndiye anasunga buku, ndipo chimene iye analemba m'bukumo ndicho chinayesedwa choona. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, imene woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone, si David Livingstone mmishonale uja iai, anthu anadandaula kuti nchito yao siinalembedwe yonse, kuti analipidwa mochepa, ena ndi fodya m'malo mwa ndalama, ndi kuti anakwapulidwa. Mu January 1915 John Chilembwe ndi anthu ake anauka, ndipo woyang'anirayo anaphedwa; kuno ku Ntcheu Filipo Chinyama anayesa kuukanso, koma sizinatheke. Mwazi unakhetsedwa, ndipo pambuyo pake bungwe lofufuza la boma la atsamunda lomwe linavomera kuti pa minda ija panalidi nkhanza.

Ndipo si kale lomwe, mu May 1992, anchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala nchito chifukwa cha malipiro. Kunyanyalako kunafalikira, apolisi anaombera mfuti, ndipo anthu ambiri anafa. Ndikumbutsa izi si kuti ndiutse mitima yanu ku chiwawa iai, koma kuti mudziwe mtengo umene unagula malamulo amene tiri nao. Makolo athu analibe bwalo lodandaulirako. Ife tiri nalo. Munthu amene ali ndi bwalo, nakhala chete monga alibe, ataya cholowa chimene ena anachifera.

Tamverani tsono chimene malamulo anena. M'malamulo aakulu a dziko, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, ndime 31 ipatsa munthu ali yense ufulu wa kuchitiridwa chilungamo pa nchito ndi kulandira malipiro oyenera. Pansi pake pali lamulo la za nchito la chaka cha 2000, limene pa Chingerezi alitcha Employment Act. Ndime 27 ya lamulo limeneli ilamula bwana kupatsa wanchito kalata yonena nchito yake, malipiro ake, ndi nthawi yolandirira. Ndime 56 iletsa bwana kulipiritsa wanchito chindapusa monga chilango, imlola kusalipira masiku amene munthu wajomba wopanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, koma siimlola kunena, "Wandiyankha mwamwano, ndadula K5,000." Ndiponso boma liika muyeso wa malipiro ochepetsetsa, umene palibe aloledwa kutsika pansi pake, ngakhale wanchito mwini atavomera. Muyeso wa anchito ambiri unakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu February 2024, ndi pa K126,000 mu June 2025. Anchito a m'nyumba ndi magulu ena ali ndi miyeso yao. Pakuti miyesoyi isinthika, funsani ku ofesi ya leba kuti akuuzeni wa lero.

Nanga bwana akati, "Ngati sufuna, njira ndi iyo"? Apa mpamene pagona chinyengo chachikulu. Ndime 57 siimlola kuchotsa munthu wopanda chifukwa chenicheni. Ngati malonda agwadi kotero kuti sangathe kusunga wanchito, ayenera kumpatsa notisi, ndiyo ya mwezi umodzi kwa wolandira pa mwezi, ndi kumlipira ndalama zotsazikira ngati wagwira chaka chathunthu kapena kuposapo. Mabwana ena adziwa zimenezi bwino lomwe. Chifukwa chake sachotsa munthu, koma amfinya pang'onopang'ono pa malipiro kufikira atathawa yekha, kuti iwo asalipire kanthu. Koma olemba lamulo anauona msampha umenewu. Ndime 60 inena kuti ngati machitidwe a bwana afika poti palibe munthu wanzeru angayembekeze wanchito kupitiriza, wanchito akhoza kusiya wopanda notisi. Ndipo mlandu wotere uyesedwa monga bwana ndiye anamchotsa. Kudula malipiro mokakamiza kukhoza kuwerengedwa pakati pa machitidwe otere. Koma chenjerani: pa mlandu uwu wanchito ndiye ayenera kuonetsa umboni. Amene athawa osanena kanthu, monga anachita mwana wa mlongo wanga, afika pa bwalo chimanjamanja.

Chifukwa chake, inu anchito, mukadulidwa malipiro chitani izi. Choyamba, landirani ndalama zimene akupatsani, pakuti nzanu. Koma nenani pomwepo, mwaulemu ndi pamaso pa mboni, kuti simunavomere kutsikako. Chachiwiri, lembani mau omwewo pa pepala, ikani tsiku, perekani kwa bwana, ndipo lina lofanana nalo musunge m'nyumba. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu kapena mphunzitsi akulembereni. Chachitatu, musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve. Safunsa anadya phula. Chachinai, sungani timapepala ta malipiro, ndi mauthenga a pa foni ngati mulandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pakuti zimenezo ndizo mboni zosaiwala. Chachisanu, musaleke kufika pa nchito, ndipo musadzilipire nokha ndi katundu wa bwana. Mukatero mwasandutsa mlandu wake kukhala wanu. Ndipo dziwani choopsa cha kukhala chete: mukalandira ndalama zoperewera miyezi yambiri osatsutsa, bwana adzanena pa bwalo kuti munavomera, ndipo kudzakhala kovuta kumkana.

Bwana akaumitsa khosi, mukani ku ofesi ya leba pa Boma. Nchito ya mkulu wa leba ndiyo kuitana mbali zonse ziwiri ndi kuyesa kuziyanjanitsa. Akalephera, mlandu upita ku bwalo la milandu ya nchito, lotchedwa Industrial Relations Court, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1996, ndipo liri ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Bwalo limeneli likhoza kulamula kuti ndalama zodulidwa zibwezedwe, kuti munthu abwezedwe pa nchito, kapena kuti apatsidwe chipepeso. Akulu anati mlandu suola. Koma pano mwambiwo usatinyenge. Ndime 62 ipatsa munthu wochotsedwa nchito miyezi itatu ya kukadandaula kwa mkulu wa leba. Ine pamene ndinazindikira zonsezi, miyezi itatu ya mnyamata wathu inali itapita kale. Ndipo ngati odulidwa muli ambiri, mukani pamodzi. Mutu umodzi susenza denga. Lamulo lilola anchito kupanga mabungwe ao, ndipo bwana saloledwa kuchotsa munthu chifukwa cha kulowa bungwe kapena chifukwa cha kukadandaula.

Wina adzati, "Inu olemba muli kunena za pa pepala. Ife a ku Kasinje kapena ku Kandeu, ndalama ya ulendo wa ku Boma tiitenga kuti? Milandu ichedwa, koma ana afuna nsima lero." Mau awa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa, sindilonjezanso kuti ali yense wodandaula adzapambana msanga. Koma mantha nawonso ali ndi mtengo wao. Amene anadula kamodzi osatsutsidwa adzadulanso, monga tinaona pa sitolo ija. Mnyamata wolowa m'malo mwanu adzayambira pa malipiro otsikawo. Mabwana oyandikana adzamva kuti anthu a kuno sakana, nadzatsitsa naonso. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ndipo si mlandu uli wonse uyenera kufika ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Nthawi zina kalata imodzi ya kukana ndi mboni imodzi zikwanira. Pakuti bwana akazindikira kuti wanchito wake adziwa njira ya ku leba, ayamba kuwerenga ndalama bwino.

Mau ena ndinena kwa ife eni, pakuti si mabwana onse ali ndi masitolo. Ambiri a ife owerenga tiri ndi mbusa wa ng'ombe, wanchito wa m'nyumba, munthu wa pa chigayo, kapena aganyu m'munda. Ndipo mipingo yathu iri ndi alonda ndi aphunzitsi a sukulu za mkaka. Kawirikawiri amene timdula ndi mbale wathu yemwe, pakuti tidziwa kuti adzachita manyazi kutisumira. Tikumbukire kuti m'buku la Genesis amene anasintha malipiro a Yakobo kakhumi sanali mlendo iai. Anali Labani, malume wake ndi mpongozi wake. Ndipo palibe mmodzi wa ife amene pophunzitsa ana nkhani imeneyo ayamika Labani. Mukapangana ndi waganyu m'mawa kuti mizere makumi awiri mtengo wake ndi wakuti, musayambe kufuna zifukwa dzuwa litalowa. Ngati mwasowadi ndalama, nenani kuti mwakongola, ndipo tchulani tsiku lobwezera. Musati nchito yaipa. Munthu amene aponya chopereka chachikulu m'mbale Lamulungu ndi ndalama zimene anamana mlonda wake Loweruka, wapereka za mwini.

Pomaliza, inu amalume, agogo, ankhoswe, akulu a mpingo ndi mafumu, amene ana athu abwera kwa inu ali ndi ndalama zoperewera m'manja, musabwereze kulakwa kwanga. Kupirira nkwabwino pa matenda, pa chilala ndi pa maliro, pakuti zimenezo palibe munthu wozibweza. Koma pa malipiro odulidwa alipo munthu wobweza, ali ndi dzina, ndipo iripo ofesi yomuitana. Mwana akadza kudzafunsa nzeru, musati, "Pirira." Nenani, "Tenga pepala tilembe, ndipo mawa ndikuperekeza ku Boma." Mwana wa mlongo wanga sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi, pakuti ndi mwana waulemu, koma ndikamuona ali kudutsa ndi khasu pa phewa, ndikumbuka K120,000 zija, ndipo ndidziwa kuti ngongoleyo si ya mwini sitolo yekha.